Banja Lomwe a Malume Sankalidziwa

Senga Bay, Salima
9 Febuluwale 2023

Okondedwa a Shukuru,

Ndayamba ndi moni. Kodi muli bwanji kumeneko ndi kuzizira mumanena kuja? Ine kuno ndili bwino, kungoti mvula yachuluka ndipo zochapa za ku loji sizikuuma. Dzulo nsalu za pabedi za alendo ndinachita kuumitsa ndi simbi. Amayi anu a Kulusumu ali bwino. Ndinawaona kumsika akugulitsa usipa, anandipatsa wodzadza dzanja, anakana kuti ndilipire.

Musadabwe kuti ndalemba papepala n'kujambula ndi foni. Mukaimba ndimangoti eya, eya, mukadula ndiye mafunso amabwera. Papepala ndimatha kufufuta n'kuyambiranso.

Nkhani ya viza ija sindinaimve bwino. Mumati pali njira yoti ndibwere kudzakhala nanu ngakhale sitinamange ukwati. Kodi boma la kumeneko limalola zimenezo? Kuno ngakhale a malume anga salola. Kuyambira pomwe a malume a Yesaya anabweza a malume anu, omwe mumawatcha a mjomba, ponena kuti mbumba yawo singapite kwa Msilamu, nkhani ya ukwati wathu sinatchulidwenso ku Chitala. Kwanu nakonso ankafuna kuti ndisiye tchalitchi. Ndiye tinangolowana, ndipo mpaka lero palibe pepala lililonse lonena za ife.

Chonde mulembe bwinobwino, pang'onopang'ono, pokumbukira kuti sukulu ndinalekera sitandade 7. Ndikufuna ndiziwerenga ndekha mpaka ndimvetse.

Denga la kukhitchini layambanso kudontha. Ndaikapo beseni.

Ndine wanu,
Dailes

Leeds
12 Febuluwale 2023

Dai wanga,

Asalamu aleikumu, ngakhale ndikudziwa kuti uyankha kuti zikomo. Ndili bwino, Alhamdulillah. Za kuzizira usafunse. Kuhotela kuno anzanga amadandaula kuti kukhitchini kukutentha, ine ndimachita kuyandikira kumoto ngati mwana wa nkhuku. Kalata yako ndaiwerenga nthawi yopuma, nditakhalira thumba la mbatatesi. Zilembo zako sizinasinthe, zimaima mowongoka ngati ana a sukulu pamzere.

Ndinapita ku ofesi ina yothandiza anthu obwera, mayi wina anandifotokozera. Ukhoza kubwera ngati mlendo wodzacheza, koma ndi miyezi yowerengeka, sugwira ntchito, kenako ubwerere. Imeneyo sindikuifuna, kutsanzikana kamodzi kuja kunandikwana. Ina ndi ya okwatirana, imafuna setifiketi ya ukwati. Tikanatha kukasaina kwa DC, koma unanena kale kuti sungasaine ukwati a malume ako osadziwa, komanso ine tchuthi sindinapate. Ndiye yathu ndi iyi: anthu osakwatirana, koma omwe akhala nyumba imodzi ngati banja zaka ziwiri kapena kuposa. Ife tinakhala zitatu. Viza yako imatsamira pa yanga ya ntchitoyi, ndipo ukafika umaloledwa kugwira ntchito.

Kuno kulowana si nkhani, Dai. Chomwe amafuna ndi umboni basi. Zithunzi zomwe tili limodzi, mapepala a nyumba okhala ndi mayina athu tonse, ndi makalata a achibale a mbali zonse onena kuti anationa tikukhala limodzi. Amayi avomera kale, mphunzitsi wa ku madrasa awalembera. Kwatsala mbali yako.

Chinanso. Abwana akufuna ndisaine kuti ndikhala zaka zina, ndipo akufuna yankho pakati pa chaka. Sindisaina ndisanadziwe ngati ukubwera. Zikakanika ndiye kuti ndisankhe pakati pa ntchito ndi iwe, ndipo sindikufuna kufika pamenepo.

Za denga uwauze eni nyumba, usamangoika mabeseni.

Wako,
Shukuru

Senga Bay
5 Malichi 2023

Okondedwa a Shukuru,

Moni. Ndikhulupirira muli bwino. Ine ndinadwala chimfine koma ndachira.

Ndafufuza umboni uja ndipo zinthu sizili bwino kwenikweni. Zithunzi ndayang'ana zonse. Cha Khirisimasi ku loji, inu muli kutsogolo ndi chipewa chanu chophikira, ine ndili kumapeto pakati pa amayi anzanga, ndikuoneka phewa ndi khutu. Cha ku ukwati wa mnzanu ku Lifuwu, amuna ali mbali yawo, akazi mbali yawo. Chomwe tili awiri ndi chimodzi chokha, chomwe munajambula mokakamiza chija, ndipo ine ndaphimba nkhope ndi chitenje. Ndinkachita manyazi, sindinkadziwa kuti zidzafunika.

Nyumba nayo tinangogwirizana pakamwa, palibe pepala. Madzi ndi a pamjigo, magetsi ali m'dzina la eni nyumba. Eni nyumbawo akuti alemba, koma akufunsa ngati sizidzawaputira za msonkho. Ndiye ndaona kuti kalata ya a malume ndi yofunika kwambiri.

Loweruka ndinapita ku Chitala. Ndinawapeza akukonza njinga pakhonde. Ndinagwada, tinapatsana moni, anafunsa za ku loji. Panjira ndinali nditakonza mawu onse, koma nditawaona ndinawaiwala onse. Ndinangoti, “A malume, ndapeza mwayi wopita kunja.”

Iwo anati, “Kunja kwake kuti?”

Ndinati ku England.

Anapukuta manja nthawi yaitali, kenako anati, “Ntchito yochapa iliko kumenekonso eti? Azungu nawo amadetsa zovala.”

Ndinati eya. Dzina lanu sanalitchule, inenso sindinalitchule. Ndinati aboma akufuna kalata ya wachibale wamkulu yonena za mmene ndakhala ndikukhalira zaka zimenezi.

“Imeneyo si nkhani,” anatero. “Ndinakulera ndine kuchokera pomwe mayi ako anatisiya. Wina angakudziwe kuposa ine ndani? Ndilemba yoti akaiwerenga akakulandire ndi manja awiri.”

Anakondwa ndithu, mpaka anandithyolera maungu. Akuti aitumiza ndi wakabaza ikatha. Ndikuganiza kuti amva chomwe ndimatanthauza, chifukwa ndi munthu wozindikira.

Ndine wanu,
Dailes

Chitala, Salima
19 Malichi 2023

Kwa akuluakulu a boma la ku Mangalande,

Landirani moni m'dzina la Ambuye.

Ine ndine Yesaya Kachiwaya, mlimi komanso mkulu wa mpingo kuno ku Chitala. Ndine mwini mbumba ya malemu mlongo wanga, yemwe anabereka Dailes.

Ndikuchitira umboni kuti Dailes ndi mwana wa makhalidwe abwino. Ndi waulemu, sayankha akuluakulu, samwa mowa, sanapezekepo pa mlandu uliwonse. Kuimba kwaya anayamba ali wamng'ono. Pa ntchito ndi wosamala, moti chovala akachichapa simungafunenso wina.

Ndikudziwa kuti boma limaopa kulandira atsikana oyendayenda. Pa ichi mtima wanu ukhale m'malo. Dailes sali pabanja ndipo sanakhalepo pabanja. Palibe mwamuna amene ife akuchikazi tikumudziwa. Ku Senga Bay anapitira ntchito, ndipo kwawo ndi kuno.

Mulandireni bwino.

Ine,
Yesaya Kachiwaya

Leeds
2 Epulo 2023

Dailes,

Moni. Ndili bwino, tili m'mwezi wa Ramadhani, ndipo kuphikira anthu uli pa swaumu, osadya tsiku lonse, si masewera.

Kalata ya a malume ako ndinailandira. Unangoitumiza yokha, popanda ngakhale moni. Ndaimba kangapo, sukuyankha. Ndafunsa amayi, akuti amakuona ukupita kuntchito, ndiye kudwala sukudwala.

Ndinamumasulira mayi wa ku ofesi uja kalatayo. Anandiyang'ana, kenako anafunsa ngati mtsikanayo amadziwa kuti ali nane pachibwenzi. Akuti kalata imeneyi tikaiphatikiza, ndiye kuti tadzikanira tokha, ndipo tikaisiya tatsala ndi kalata ya amayi anga ndi chithunzi cha chitenje.

Palibe mwamuna amene akumudziwa. Ine amene ndinanyamula matumba a feteleza kukawakweza pa minibasi ya ku Chitala chaka ndi chaka, ndine ndani? Koma a malume ako sindikuwadabwa. Ndikudabwa iwe. Unaiwerenga, n'kuijambula bwinobwino mosapendama, n'kutumiza. Ngati ndi njira yondiuzira kuti wasintha maganizo, kapena kwanuko akupezera wa tchalitchi mnzako, nena ndi pakamwa pako. Zipweteka koma ndimva.

Ngati sunasinthe, pali njira ina. Mnzanga wina kuno akudziwa munthu ku Lilongwe amene amakonza setifiketi ya ukwati yooneka yeniyeni. Sindikuikonda, koma nthawi ikutha.

Yankha, ngakhale mzere umodzi.

Shukuru

Senga Bay
7 Meyi 2023

Okondedwa a Shukuru,

Moni. Eid inadutsa ndisanakufunireni zabwino, mundikhululukire. Amayi anu ananditumizira mpunga ndi nyama ya mbuzi.

Sindinasinthe maganizo. Palibe wa tchalitchi aliyense. Kalata ija nditaiwerenga ndinasowa cholemba pansi pake, ndipo foni ikalira ndinkaopa kuti mundifunsa zomwe ndinawauza a malume. Ndinaganiza kuti ndisayankhe mpaka nditakonza.

Za munthu wa ku Lilongwe ayi. Ndikakafunsidwa tsiku la ukwati wabodzawo ndikhoza kungolira, mukundidziwa. Komanso ife tinakhaladi limodzi. Chifukwa chiyani tiname pomwe zoona zilipo?

Dzulo ndinapitanso ku Chitala. Ndinawapeza akutonola chimanga pabwalo ndi akazi awo. Ndinakhala pansi n'kuyamba kutonola nawo. Ndinayang'ana chitsononkho n'kunena kuti, “A malume, kunja kuja ndikupita kwa a Shukuru. Ndinakhala nawo nyumba imodzi zaka zitatu. Aboma akufuna umboni wa zimenezo, osati wa kwaya.”

Sanadzidzimuke. Anati, “Ndiye ukuyesa wandiuza zachilendo? Ndikabwera ku Senga Bay kudzagula usipa ndinkakhala pansi pa mtengo wa mango paja, osalowa m'nyumba. Unkayesa ndimaopa chitseko? Nsapato za pakhonde zija ndinkaziona. Phazi lako silinakule choncho.”

Akazi awo anaseka, iwo anawayang'ana, anasiya.

Ndinati, “Ngati munkadziwa, bwanji munalemba kuti simukudziwa?”

Anati, “Maso anga ankadziwa, koma mwini mbumba sankadziwa. Banja limadzera kwa ankhoswe. Ili silinadzere kwa ine. Ndikalemba ndi dzanja langa kuti mwana wa mlongo wanga amakhala ndi mwamuna, ndiye kuti ndalivomera. Mawa ndikaima bwanji kutsogolo kwa mpingo? Ana a anzanga ndawadzudzula pa nkhani yomweyi.”

Apa ndinayenera kukhala chete, koma sindikudziwa chinandigwira. Ndinati, “Ndiye kutsogolo kwa mpingo mukaima ndi kalata yoyamba ija? Chifukwa mzungu akaiwerenga amva kuti ndinkagona ndekha, ndipo inu mukudziwa kuti amva choncho.”

Nkhuku zinkadya chimanga palibe wozithamangitsa. Kenako akazi awo anati, “Apa ndiye wakugwirani, abambo.”

“Ndinalemba bodza ine?” anatero a malume. “Werenga mzere ndi mzere, undionetse bodza.”

Ndinati mzere ndi mzere mulibe bodza, koma kalata yonse pamodzi ndi yabodza.

Anaimirira, anasasa thalauza, analowa m'nyumba. Sanatulukenso mpaka nthawi yoti ndizipita. Ndinatsanzika pakhomo, anangoti yenda bwino. Akazi awo anandiperekeza mpaka pamsewu. Akuti, “Iwe Dailes, pakamwa pameneka unkapasunga kuti zaka zonsezi?” Ine ndinakwera kabaza n'kumapita.

Sindikudziwa ngati alembe. Mwina ndawakwiyitsa mpaka kalekale. Abwana anu muwapemphe adikireko pang'ono. Ndimangofuna mudziwe kuti dzina lanu ndalitchula pabwalo pawo, mokweza, akumva.

Ndine wanu,
Dailes

Chitala
28 Meyi 2023

Kwa a Shukuru,

Moni. Sindinakulemberenipo kalata, ndipo sindinkaganiza kuti ndidzatero. Ife kuno tili bwino, takolola pang'ono.

Ndatumiza kwa Dailes pepala lina la aboma. Kuti musavutike, mawu ake ndi awa: “Ine Yesaya Kachiwaya ndikuchitira umboni kuti Dailes, mwana wa mlongo wanga, anakhala nyumba imodzi ndi Shukuru ku Senga Bay ngati mkazi ndi mwamuna kuyambira chaka cha 2019 mpaka pomwe mwamunayo anapita kunja. Ndinkapitako ndipo ndinkaona. Sanamange ukwati chifukwa ndinakana ndine, pa nkhani ya chipembedzo. Sindinamvepo kuti anamumenya kapena kumugoneka ndi njala.” Mphunzitsi wina waliika m'Chingerezi ndipo ndasaina onse awiri. Kalata yoyamba ija muing'ambe.

Musaganize kuti ndasintha pa za chipembedzo. Sindinasinthe. Ukwati wa kutchalitchi sungatheke, ndipo wa kumzikiti sindingaulole ndili moyo. Akulu anzanga a mpingo ndawauza ndekha asanamve kwa ena. Andipempha kuti ndiyambe ndapuma pa udindo mpaka akambirane. Zimenezo ndi zanga, musazitengere kumtima.

Koma tsopano pabuka china. Ndauza boma la eni ake kuti banjali lilipo. Sindingauze azungu zoona n'kumanamiza mudzi wanga. Ndiponso mwanayu akupita kutali. Akadwala kumeneko, adzatiuze ndani? Mukayambana, adzathawire kwa yani? Zikavuta kwambiri, Mulungu aletse, uthenga wa maliro ndidzaumve pafoni kwa munthu amene sindimudziwa? Boma la kumeneko likhoza kulandira anthu opanda ankhoswe, limenelo ndi dziko lawo. Koma kuno Dailes sanyamuka wopanda nkhoswe.

Choncho uzani a mjomba anu, omwe ndinawabweza aja, kuti abwerenso. Ulendo uno ndiwapatsa mpando. Sipakhala zoimba kapena zovina, tidzangodziwana kuti nkhani ikabuka tizigogoda pakhomo pa yani.

Feteleza uja ndinkadziwa komwe ankachokera. Zikomo.

Ine,
Yesaya Kachiwaya

Senga Bay
20 Ogasiti 2023

Okondedwa a Shukuru,

Moni. Ndikhulupirira muli bwino ndipo mwapeza chipinda chokulirapo choti tikakhalemo awiri. Ine ndili bwino, mwera wachepa.

Pafoni ndinangoti viza yatuluka, mawu ena anakana. Ndiye ndilembe. Pasipoti ndinakaitenga ku Lilongwe Lachinayi, komwe ndinakadinda zala kuja. Viza ilimo, dzina langa analemba bwino. Ndaikulunga m'pulasitiki n'kuiika pansi pa sutikesi. Ku loji ndatsanzika kale. Pepala la abwana anu musaine tsopano.

Dzulo ndiye kunali kukumana kwa ankhoswe ku Chitala. Munadandaula kuti foni inaduka mutangoona mutu wa a mjomba anu, netiweki ya kumeneko mukuidziwa. Ndikuuzeni zomwe simunaone.

A mjomba anu anabwera ndi amayi anu ndi anthu ena awiri. A malume anawapatsadi mpando, womwe amakhalira okha uja. Poyamba kunali kouma. Aliyense ankangofunsa za mvula ya chaka chatha. Ine ndinali pamphasa kumbuyo, maso pansi. Kenako a mjomba anu anati, “Bambo Kachiwaya, ulendo uja munatibweza tisanamwe ngakhale madzi. Lero tabwera ndi athu m'botolo, mwina mwake.” A malume anaseka osafuna. Anati, “Bisani botololo, mukundichititsa manyazi pamaso pa ana.”

Anagwirizana kuti ine ndikhalabe wa tchalitchi, inu wa kumzikiti, ndipo pasapezeke wokoka mnzake. Za ana amayi anu anafuna kuyambitsa, a malume anati tidikire ana ake abadwe kaye, tisakangane pa anthu omwe kulibe. Nkhoswe wanu ndi a mjomba, wanga ndi a malume eni ake. Anapatsana manambala a foni, aliyense anaimbira mnzake pomwepo kuti aone ngati ikulowa.

Ndili ndi funso limodzi. Pamapepala tinalemba kuti sitinakwatirane, ndipo nthawi imeneyo zinali zoona. Tsopano pali ankhoswe. Mukafunse mayi wa ku ofesi uja ngati tiyenera kuwadziwitsa aboma, sindikufuna ndikafike pabwalo la ndege ndili ndi mawu awiri.

Pomaliza anasinthana nkhuku monga mwa mwambo, a kwanu anapereka tambala, a kwathu thadzi. Akazi a malume anatenga tambala uja kuti akaphe kuseri, aphikire alendo. Ndinaona amayi anu akuyang'anana ndi a mjomba, chifukwa nkhuku yophedwa ndi ife sakanadya, koma ananyalanyaza kuti asawononge zinthu.

A malume ndi amene anaona. Anaitana akazi awo kuti abwerere nayo. Analowa m'nyumba, anatuluka ndi mpeni wawo, anaunola pamwala, kenako anaupereka kwa a mjomba anu chogwirira chili kutsogolo.

Anati, “Zingani inuyo mwa kwanu. Mawu amene mumanenawo nenani, ine nditseka makutu. Koma nkhukuyi tidye tonse.”

Tinadya tonse. A malume anatenga chiwindi n'kuika m'mbale ya a mjomba anu.

Mundiuze tsiku la ndege, komanso ngati ufa amalola kunyamula.

Ndine wanu,
Dailes